Cheni ca M'kati mwa Injini Cikayamba Kusokosera: Kusintha Tenshona Yakutha pa Njinga Yamoto Yakale

Mwezi wa Seputembala caka catha, mmodzi wa anzathu amene anatsiriza maphunziro ake pano zaka zingapo zapitazo anafika pa cipata ca sukulu akuyenda pansi, njinga yake yamoto itagonekedwa m'ngolo pamwamba pa matumba. Anatiuza kuti inazima yokha pokwera citunda m'mamawa, atanyamula mabokosi atatu a matimati opita nawo ku msika, ndipo poyesa kuponda kiki anamva kuti yapepuka ngati m'kati mulibe kanthu. Matimatiwo anagulitsa pamsewu pomwepo pa mtengo wotaya. Titamufunsa ngati injiniyo inali itaonetsako cizindikiro, anavomera kuti kuyambira nthawi yofukula nshawa inali kusokosera ngati timiyala m'citini, koma popeza njinga inali kuyendabe, anaganiza zodzaionetsa kwa makanika akatha kugulitsa za kudimba.

Titatsegula injiniyo tinapeza valavu imodzi itapindika, cheni ca m'kati citalumpha mano, ndipo sefa ya oilo inali yodzala ndi tizidutswa ta labala takuda. Gwero la zonsezi linali kacida kokwana m'dzanja limodzi, kamene amakanika amakacha tenshona. Kakanasinthidwa nthawi imene phokoso linayamba, nchitoyo ikanatenga ola limodzi kapena awiri. Koma tsopano mnzathuyo anafunika kugula mavalavu, cheni, magasiketi ndi zina, ndipo njinga inaima masabata atatu pa nyengo imene katundu wa kudimba anali kufunika kutuluka tsiku ndi tsiku. Phunziro lino talemba kuti aliyense wa ife adziwe kumva phokosolo likangoyamba, adziwe kusintha tenshona yekha pamene n'kotheka, ndiponso adziwe pamene nchito yamukulira.

YAMBANI MWADZIWA INJINI YANU

Si njinga yamoto iliyonse imene ili ndi cheni m'kati mwa injini. Njinga zimene zimatentha oilo pamodzi ndi petulo ndi kumafuka utsi poyenda, monga Yamaha AG100 ndi DT125, zilibe kamushafiti, conco zilibenso cheni cimeneci. Honda CG125, pamodzi ndi njinga zambiri za ku China zimene injini zake zinatengera kapangidwe ka CG, zili ndi mavalavu ndithu, koma amakankhidwa ndi tindodo tiwiri tacitsulo tocokera pansi pa silinda. Nazonso zilibe cheni. Phunziro lino likunena za injini zimene kamushafiti yake ili pamwamba, m'mutu wa injini umene timaucha hedi. Zina mwa izo ndi Honda XL125S, imene alangizi a zaulimi ayenda nayo zaka zambiri m'midzi mwathu, Yamaha AG200, Bajaj Boxer ndi TVS HLX.

Ngati simudziwa mtundu wa injini yanu, iyang'aneni cam'mbali. Injini ya cheni imakhala ndi mpata wotsekeka wotsetsereka ndi silinda kucokera pansi kufika pamwamba, ndipo nthawi zambiri pambali pa hedi pamakhala civundikiro cozungulira cimene cimabisa sipuloketi. Cheni cimene tikunena pano amakanika amati taimingi cheni. Musacisokoneze ndi cheni cacikulu ca kunja cimene cimazunguza gudumu lakumbuyo.

NCHITO YA CHENI NDI TENSHONA

Injini zoterezi zimagwira nchito m'magawo anayi. Pisitoni ikatsika imakoka mpweya ndi petulo, ikakwera imazipanikiza, pulagi ikayatsa moto pisitoni imakankhidwira pansi, ikakweranso imatulutsa utsi. Pa magawo anayiwa kirankishafiti imazungulira kawiri, koma kamushafiti, imene imatsegula mavalavu, imazungulira kamodzi. N'cifukwa cake mano a sipuloketi yapamwamba amawirikiza kawiri mano a yapansi: ngati yapansi ili ndi mano 16, yapamwamba imakhala ndi 32. Cheni ndico cimalumikiza ziwirizi kuti ciliconse cicitike pa nthawi yake.

Pisitoni ndi mavalavu zimagwiritsa nchito malo amodzi mosinthana, monga amayi awiri osinja mu mtondo umodzi: munsi wina ukamatsika, wina uli m'mwamba. Mmodzi akaphonya nthawi, minsi imagundana. Injini ikamazungulira ka 6,000 pa mineti, valavu iliyonse imatseguka ndi kutseka ka 50 pa sekondi imodzi. Pa liwiro lotero cheni cikalumpha mano, pisitoni imapeza valavu isanabwerere m'malo mwake n'kuimenya.

Kuti cheni cisalumphe, ciyenera kukhala cokungika nthawi zonse. M'mpata mmene cimayenda muli timizere tiwiri ta labala lolimba, timene timachedwa magaidi. Gaidi yakutsogolo imangoongolera cheni. Yakumbuyo imatha kupindika, ndipo tenshona imaikankhira pa cheni kuti icotse kukhwepa konse. Aliyense amene anaimako pa cigayo anaona mmene lamba wokhwepa amakupizira ndi kumenya m'mbali. Cheni cokhwepa cimacitanso cimodzi-modzi m'kati mwa injini, kungoti sitikuciona.

CIMENE CIMATHA, NDI CIFUKWA CAKE

Zinthu zitatu zimatha pamodzi: cheni, magaidi ndi tenshona. Cheni sicitanuka ngati labala ai. Cimene cimacitika n'cakuti timapini ndi timabowo ta mfundo iliyonse timadyeka pang'ono-pang'ono, ndipo popeza mfundozo n'zoposa 80, kudyeka kocepa kwa iliyonse kukaphatikizana cheni conse cimatalika. Magaidi amauma ndi kutentha kwa zaka zambiri, cheni cimakumbamo mizere, ndipo pamapeto pake amayamba kunyenyeka. Tenshona nayo imatopa: sipulingi yake imafooka, kapena timano timene timaletsa kandodo kake kubwerera m'mbuyo timatha.

Cimene cimafulumiza zonsezi ndi oilo wakale ndi oilo wocepa. Injini zazing'onozi zimanyamula oilo pafupi-fupi lita imodzi cabe, ndipo oilo yemweyo amatumikira injini, kilachi ndi magiya. Fumbi la m'misewu yathu likalowa cifukwa ca sefa ya mpweya yong'ambika, limasanganikirana ndi oilo n'kukhala ngati mcenga wonolera. Kamushafiti ili pamwamba penipeni, kutali ndi pamene oilo amakhala, conco oilo akacepa ndiyo imayamba kuvutika pamodzi ndi cheni cake.

KUMVETSERA PHOKOSO

Injini yakale imakhala ndi maphokoso osiyana-siyana, ndipo tisanagule kanthu tiyenera kuwasiyanitsa. Lizani injini, isiyeni ikuyenda yokha pang'ono-pang'ono, tengani sikuludiraiva yaitali, gunditsani nsonga yake pa injini ndi kuika cigwiriro kukhutu. Yambani pamwamba pa hedi, tsikirani m'mbali mwa silinda kumene kuli cheni, tsirizirani pansi. Samalani ndi paipi ya utsi, imaocha.

Matapeti otalikirana amalira mopyapyala ndi mofanana, kuti tiki-tiki, ndipo phokosolo limamvekera pamwamba. Cheni cokhwepa cimalira mosalongosoka, ngati nshawa zouma zogwedezedwa m'citini, ndipo cimamvekera kwambiri m'mbali mwa silinda, maka-maka injini ikangolira m'mawa, ikamayenda yokha, kapena mukangobweza mafuta mutawakoka. Kugunda kolemera kocokera pansi, kumene kumakula njinga ikasenza katundu kapena ikamakwera citunda, si kwa cheni; kumeneko ndi kwa mabeyaringi a kirankishafiti, ndipo ndi nkhani ina. Ngati mukukayika, yambani mwakonza matapeti, popeza salira ndalama. Phokoso la m'mbali likatsala, ndiye kuti vuto lili ku cheni.

MITUNDU YA TENSHONA

Mtundu woyamba ndi umene umapezeka pa njinga zambiri za masiku ano, monga Boxer. Umamangidwa kunja, kumbuyo kwa silinda pansi pa kabuleta, ndi mabauti awiri, ndipo pakati pake pali kabauti kotsekera. M'kati muli kandodo kamene kamatuluka kokha cheni cikamatalika, koma sikayenera kubwerera. Pa ina kandodoko kamabwezedwa pozunguza ndi sikuludiraiva yaing'ono. Pa ina kali ndi timano ndi kambedza, ndipo sipulingi yake imakhala kuseri kwa kabauti kotsekera kaja.

Mtundu waciwiri uli pa ma Honda akale a XL. Pamwamba pa bokosi la injini, kuseri kwa silinda cakumanzere, pali bauti yovundikiridwa ndi kacipewa ka labala. Injini ikuyenda yokha, mumamasula bautiyo pang'ono, sipulingi ya m'kati imakoka gaidi kuti ikunge cheni, ndipo mumamanganso. Njinga zambiri za mtundu uwu zimasokosera cifukwa cakuti eni ake sanauzidwepo kuti bautiyo ilipo. Yesani zimenezi coyamba. Phokoso likapanda kutha, zida za m'kati zatha.

Mtundu wacitatu uli pa injini zogona, zimene silinda yake imaloza kutsogolo, monga Honda CT110 ndi tinjinga tambiri ta 110. M'menemo cheni cimayenda pa timagudumu ta labala, ndipo kandodo ndi sipulingi yake zimalowera pansi pa injini cakumanzere, zotsekeredwa ndi bauti yopendekeka. Ambiri amamasula bautiyo poyesa kuti ndi yokhetsera oilo, n'kudabwa sipulingi ikugwera m'beseni. Zikakucitikirani, bwezerani zonse m'mene zinalili musanalize injini.

KUKONZEKERA

Malangizo otsatirawa ndi a mtundu woyamba, umene mlimi wodekha angathe kusintha pakhomo pake. Mudzafunika tenshona yatsopano ndi gasiketi yake, masipanala a bokosi oyenerera mabauti a njinga yanu, sipanala ya pulagi, sikuludiraiva yaing'ono ya nsonga yaphwatalala, feeler gauge yopimira matapeti, oilo watsopano, palafini pang'ono, nsanza zoyera, ndi zitini zoikamo mabauti. Ngati muli ndi buku la njinga yanu, likhale pafupi, ndipo pamene lisiyana ndi phunziro lino tsatirani buku.

Pokagula, nyamulani tenshona yakale muifanizire pa sitolo pomwepo: kutalikirana kwa mabowo a mabauti, kutalika kwa kandodo, ndi mmene kamatulukira mukakamasula. Kankhani kandodoko ndi cala cacikulu. Kakabwerera m'kati, ibwezeni ngakhale ili m'pepala lonyezimira. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsukani njinga dzulo lake kuti matope asagwere m'injini. Gwirani nchito injini ili yozizira, pamalo osalala ndi a mthunzi, mutayala thumba loyera pansi. Imikani njinga pa sitandi yapakati, icotseni m'giya, tsekani petulo, cotsani kiyi. Musayambe nchitoyi madzulo kapena tsiku limene muli ndi ulendo.

KUSINTHA TENSHONA

1. Cotsani pulagi kuti injini izizungulira mopepuka. Tsegulani zivundikiro za matapeti, civundikiro ca sipuloketi yapamwamba, ndi tizitseko tiwiri ta pa kava yakumanzere: kakang'ono koonera zizindikiro ndi kakakulu kofikira nati ya gudumu la magineto.

2. Zunguzani natiyo ndi sipanala kulowera kumene magudumu amazungulirira njinga ikamapita kutsogolo. Pa kabowo kakang'ono mudzaona zilembo zikudutsa. Imani pamene mzere wa cilembo T walunjikana ndi kamzere ka pa kava. Cilembo F ndi ca moto wa pulagi, si cimene tikufuna pano.

3. Gwedezani matapeti onse awiri ndi zala. Ngati onse akugwedera pang'ono, pisitoni ili pamwamba ndipo mavalavu onse ndi otseka. Pamenepo ndiye pamalo pake. Ngati ali olimba, zunguzaninso kamodzi kathunthu kufikira T atabweranso. Timacita zimenezi cifukwa pamalo amenewa masipulingi a mavalavu sakoka kamushafiti, conco cheni sicilumpha tenshona ikacotsedwa.

4. Yang'anani zizindikiro za pa sipuloketi yapamwamba. Pa injini zina pali kamzere kapena kabowo kolunjikana ndi kamphako ka pa hedi. Pa zina pali mizere iwiri yolingana ndi m'mphepete mwa hedi. Jambulani ndi foni kapena lembani papepala mmene zilili. Ngati cizindikiro catsalira m'mbuyo moonekeratu pamene T ali pamalo pake, dziwani kuti cheni catalika.

5. Masulani kabauti kotsekera ka pakati poyamba, kenaka mabauti awiri aja mosinthana, pang'ono uku pang'ono uko, n'kusolola tenshona. Kuyambira pano kufikira yatsopano italowa, injini isazunguzidwe ngakhale pang'ono. Uzani ana ndi anzanu oonerera kuti asakhudze kiki.

6. Yesani tenshona yakale ndi cala monga munayesera yatsopano. Ngati kandodo kakubwerera, kakukakamira, kapena kakutuluka mofooka, mwapeza wolakwa.

7. Musanamange yatsopano, yesani ngati cheni cikali ndi moyo. Lolani kandodo katuluke konse, lowetsani tenshona m'bowo mwake ndi dzanja lokha. Kandodo kayenera kugunda gaidi thupi la tenshona lisanakhudze silinda, kuti patsale mpata woonekera. Ikalowa yonse n'kukhala phee popanda cogunda, ndiye kuti cheni ndi magaidi zatha kotero kuti tenshona yatsopano ilibenso cokankha. Imani pamenepo ndi kuwerenga gawo lotsatira.

8. Palani gasiketi yakale mosamala, osakanda citsulo ndiponso osalola zinyenyeswa kugwera m'bowo. Ikani gasiketi yatsopano.

9. Bwezani kandodo m'kati. Pa mtundu wozunguza, lowetsani sikuludiraiva yaing'ono pa bowo lapakati, zunguzani monga mukumanga kufikira kandodo katalowa, ndipo gwirani pomwepo. Zatsopano zambiri zimabwera ndi kacitsulo kogwirira kale. Pa mtundu wa timano, cotsani sipulingi, tukulani kambedza ndi cala, kankhani kandodo m'kati. Musamange tenshona kandodo kali kunja n'kumaikakamiza ndi mabauti, cifukwa mudzakunga cheni mopitirira ndi kuthyola gaidi.

10. Mangani mabauti awiri aja mofanana. Ndi ang'ono ndipo amalowa mu aluminiyamu, citsulo cofewa. Mphamvu yake ndi pafupi-fupi 10 Nm, kutanthauza dzanja limodzi logwira sipanala yaifupi. Kenaka masulani kandodo pocotsa sikuludiraiva kapena kacitsulo kogwirira, kapena bwezerani sipulingi, ndipo mudzamva kakutuluka. Tsekani kabauti ka pakati ndi wasa yake.

11. Zunguzani injini ndi sipanala kawiri kathunthu, pang'ono-pang'ono. Ikakakamira penapake, musaikakamize. Bwererani mukaone zizindikiro. Ikazungulira bwino, imani pa T ndi kufanizira zizindikiro za pa sipuloketi ndi cithunzi canu cija. Gawo ili ndi limene anthu othamanga amalumpha, ndipo ndilo limapulumutsa mavalavu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

12. Pimani matapeti injini ikali yozizira. Pa ma Honda ang'ono akale ambiri mpata wake ndi 0.05 mm, koma njinga zina zimasiyana, conco onani buku. Tsekani zivundikiro zonse, bwezerani pulagi.

13. Khetsani oilo wakale, tsukani sefa ya oilo ndi palafini, ndipo yang'anitsitsani zimene yagwira. Tizidutswa ta labala ndi umboni wakuti magaidi akunyenyeka. Tonyezimira ngati siliva ndi umboni wakuti cheni cakhala cikupala citsulo. Thirani oilo watsopano kufikira pa muyeso, lizani injini osakoka mafuta, mvetserani, ndipo onani ngati pa gasiketi sipakudontha.

PAMENE TENSHONA YOKHA SIKWANIRA

Ngati mayeso a pa nambala 7 alephera, kapena sefa yagwira labala, kapena phokoso labwerera patapita masiku ocepa, muyenera kusintha cheni ndi magaidi onse awiri pamodzi. Cheni catsopano pa magaidi okumbika sicikhalitsa, ndipo magaidi atsopano sangafupikitse cheni cotalika. Yang'ananinso mano a masipuloketi. Akakhala osongoka kapena opendekera mbali imodzi, adzadya cheni catsopano. Pogula cheni werengani mfundo za cakale, cifukwa maceni ofanana maonekedwe amasiyana kutalika.

Nchito imeneyi ndi yaikulu. Pa injini zambiri gaidi yakutsogolo situluka hedi isanacotsedwe, ndipo pa ma Honda ang'ono cheni cimatulukira kuseri kwa gudumu la magineto. Gudumulo limacotsedwa ndi cida cake cokokera. Tawaona ambiri akulimenya ndi hamala, ndipo zotsatira zake ndi maginito osweka kapena kirankishafiti yopindika. Ngati mulibe cidaco, kapena simunatsegulepo hedi, gwirani nchitoyi pamodzi ndi makanika wodziwa, kapena bwerani nayo njinga kuno tidzaitsegulire pamodzi kuti ulendo wina mudzathe nokha. Safunsa anadya phula.

Ngakhale nchito ili m'manja mwa makanika, inu mwini njinga khalani pomwepo ndi kuona zinthu izi. Pomasula mabauti a sipuloketi yapamwamba, m'mpata wa cheni mutsekedwe ndi nsanza yoyera kuti bauti isagwere pansi pa injini. Ngati cheni sicikucotsedwa, cimangiriridwe ndi waya kuti cisagwe. Manati a hedi amasulidwe ndi kumangidwa mopingasa, pang'ono-pang'ono, osati imodzi kufikira kumapeto. Gasiketi ya hedi ikhale yatsopano. Timapaipi tating'ono tolunjikitsa hedi ndi timphete ta labala ta pa njira ya oilo tibwerere m'malo mwake, pakuti kamphete kamodzi kakaiwalika oilo amadontha kapena safika mokwanira ku kamushafiti. Pomaliza, zizindikiro za T ndi za pa sipuloketi zilunjikane, ndipo injini izunguzidwe ndi dzanja kawiri isanalizidwe.

NJIRA ZACIDULE ZIMENE ZIMAONONGA

Pali njira zitatu zimene timakumana nazo kawiri-kawiri. Yoyamba ndi kuthira oilo wolemera, ngakhale wa magiya a thirakitala, kuti phokoso licepe. Phokoso limacepadi, koma cheni cikali cokhwepa, ndipo oilo wolemerayo amacedwa kufika pamwamba m'mawa. Yaciwiri ndi kukweza liwiro la injini poima kuti kusokosera kusamveke. Uku ndi kutseka makutu cabe. Yacitatu ndi kucotsa za m'kati mwa tenshona n'kulowetsamo bauti yaitali yomangidwa mwamphamvu. Cheni cokungidwa mopitirira cimalira mwa mluzu, cimadya magaidi msanga, ndipo cimakokera kamushafiti pansi mpaka malo amene imazungulirapo atadyeka. Pa injini zina zakale kamushafiti imagona pa citsulo ca hedi yeniyeniyo, conco malowo akadyeka mumagula hedi yonse.

Tikudziwa kuti njira zimenezi zimabwera cifukwa ca kusowa kwa ndalama, osati ulesi. Koma tiyeni tiwerengere monga timawerengera za kumunda. Mbali imodzi ikani mtengo wa tenshona, gasiketi ndi lita ya oilo. Mbali ina ikani mavalavu awiri, cheni, magaidi, magasiketi onse, mwina ndi pisitoni, malipiro a makanika, ngolo yokatenga njinga pamene yafera, ndi katundu wa kudimba amene adzaonongeka pamene mukudikira. Onjezanipo usiku umene wina pakhomo angadwale njinga ili yomasula. Ngati ndalama ya tenshona palibe lero, n'kwabwino kuimika njinga masiku angapo kusiyana ndi kuiyendetsa ikusokosera.

KUSAMALA KUTI ZIKHALITSE

Onani muyeso wa oilo m'mawa uliwonse musananyamuke, njinga itaima cilili pamalo osalala. Pa misewu yathu ya fumbi ndi katundu wolemera, ife timalangiza kuti musapitirire makilomita 1,500 musanasinthe oilo, ndipo sefa ya oilo itsukidwe nthawi yomweyo. Sefa ya mpweya muziiona kawiri-kawiri m'cilimwe. Injini ikangolira m'mawa, ipatseni mineti imodzi kapena ziwiri kuti oilo afike pamwamba musanakoke mafuta. Eni ma XL azikumbukira bauti ya pansi pa kacipewa ka labala ija nthawi iliyonse imene akonza matapeti. Oilo wakale musatayire kudimba, pafupi ndi citsime kapena m'khola. Sungani m'cigubu cotseka kutali ndi ana.

M'buku limene mumalembamo za mbewu ndi feteleza, patulani tsamba la njinga. Lembani tsiku ndi makilomita pamene mwasintha oilo, pamene mwakonza matapeti, ndi pamene mwasintha tenshona kapena cheni. Nthawi yabwino yomvetsera injini ndi kuikonza ndi pamene mwangogulitsa zokolola, ndalama zikali m'manja ndipo misewu ikali youma. Mvula ikayamba, ndalama zimapita ku mbewu ndipo ulendo wa ku Chipata, Katete kapena Petauke wokafuna kacida kamodzi umadya tsiku lonse la kumunda.

Njinga ya mnzathu uja ikuyenda tsopano. Tinaitsegula naye pamodzi, ndipo zizindikiro za taimingi analunjikitsa yekha. Valavu yopindika ija tinamupempha kuti atisiyire, ndipo ili pa shelufu m'cipinda ca zida kuti ophunzira atsopano aziigwira ndi manja tikafika pa phunziro lino.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAGULU

1. Pa njinga zamoto zimene zili m'mudzi mwanu, ndi ziti zili ndi cheni ca m'kati, ndipo mwazizindikira bwanji?

2. Fotokozani kusiyana kwa phokoso la matapeti, la cheni ndi la mabeyaringi a pansi. Kodi lililonse limamvekera pati?

3. N'cifukwa ciani timaika injini pa T, matapeti onse akugwedera, tisanacotse tenshona?

4. Mnzanu wasintha tenshona koma phokoso labwerera patapita sabata imodzi. Mungamulangize kuti ayang'ane ciani?

5. Funsani mitengo ya zida zimene tachula m'phunziro lino ku sitolo ya kufupi ndi kwanu, ndipo muwerengere kusiyana kwa kukonza msanga ndi kukonza mocedwa. Kodi kusiyanako n'kofanana ndi matumba angati a cimanga pa mtengo wa caka cino?